Mpopi wa Atsibweni

Mpopi wa pakhomo pathu unayamba kudontha mvula isanathe, ndipo mpaka tinakumba mtedza unali ukudonthabe. Tho, tho, tho, osapuma. Pansi pake panamera ndere, abakha a eni ake anapezapo dziwe laulere, kenako madzi anayamba kulowa pansi pa khoma la nyumba. Nyumbayo ndi ya zidina, zoumba mwamuna wanga Vitus ndi manja ake. Khoma linanyowa mpaka m'mawondo, dothi likufumbutuka.

Mwina mukuti bamboyo anali atathyoka manja. Ayi ndithu. Vitus amakonza njinga, ngolo, ngakhale wailesi yakufa amaidzutsa. Vuto linali lakuti mpopiwo unali ndi mwini wake, atsibweni anga a Goliati, achimwene awo a malemu amayi.

Madzi a m'mapaipi atafika m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi ku Guilleme, a Goliati anabwera ndi mpopi wamkuwa kuchokera ku Chipata, nkuuika okha pakhomo panga. Ndinagwada, ndinathokoza, nkhuku ndinawaphera. Sindinadziwe kuti kuthokoza kwake kulibe mathero. Aliyense wodutsa ankaimitsidwa kuti amve zoti mbumba ya a Goliati siipopa mjigo ngati amphawi. Ndipo lamulo linali limodzi, woukhudza mpopiwo ndi iwo basi.

Vitus ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera kuno ngati tenanti pa esiteti ya fodya, anandipeza ine, nkukhala kwathu monga mwa mwambo. Tabereka ana, woyamba Chifundo ndi namwali tsopano, koma kwa atsibweni bamboyo akadali mlendo wofika dzulo. Akafuna kudzala mtengo, akapemphe. Akafuna kusuntha khola la mbuzi, akapemphe. Zinkandinyansa, koma ndinkameza.

Ndikawauza za kudonthako, atsibweni ankabwera ndi malegeni, mphira zodula ku chubu cha njinga, nkuumanga mpopiwo molimba. Madzi akutuluka kukamwa, iwo akumanga pakhosi. Ulendo wotsatira ankawonjezera malegeni ena pamwamba pa akale, mpaka mpopi unanenepa ngati mwendo wa mbuzi yothyoka. Kudontha kokha sikunasinthe.

Tsiku lina Vitus, akuyang'ana khoma lija, anandiuza mosakweza mawu kuti, "Mayi a Chifundo, zambiri ndapirira. Koma akadzanditchulanso mlendo pamaso pa ana anga, chikwama changa ndikuchidziwa pamene chili."

Bambo ameneyu salankhula kawiri. Ndinachita mantha.

Loweruka lina tinali pakhonde kuthothola mtedza, ine, ana, ndi mnzanga Anasi wa nyumba yoyandikana nafe. Mwadzidzidzi chigamphu cha khoma chinagumuka nkugwera m'matope. Vitus anaimirira. Anakatseka madzi pamita, anatenga sipanala, anadula malegeni onse nkuwataya pansi. Atamasula mutu wa mpopi anatulutsa kawashala kothetheka, kong'ambika pakati. Anadula kena ku patapata yakale, nkukaika, nkumanga. Atatsegula madzi, zii. Pakhomo panakhala bata lomwe tinali titaliiwala.

Abakha asanachoke nkomwe, belu la njinga ya atsibweni linalira. Maso awo anafikira pa malegeni ali pansi.

"Wauvula ndani mpopi wanga?"

"Ndine, atsibweni," anayankha Vitus atavula chipewa. "Kawashala kanatha. Khomali limagwa."

"Khoma la yani? Dothi munaumbira zidinazo munabwera nalo kuchokera kwanu? Akamwini, paja amati mkamwini asamakule mwendo. Lero mpopi, mawa mudzati munda ndi wanu, mkuja mudzagulitsa mudzi. Inu pano ndinu mlendo. Munabwera ndi chikwama, mudzachokanso ndi chikwama."

Ana anasiya kuthothola. Chifundo anawerama. Vitus anaika sipanala pakhonde pang'onopang'ono ngati dzira, analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama chomwe chija anabwera nacho ku esiteti. Sanatsanzike munthu. Analunjika kumsewu.

Atsibweni anakoka mpando, anakhala, natapa mtedza wanga m'lichero. "Musiyeni," anatero akutafuna. "Njala imubweza."

Apo ndiye ndinapsa mtima, kupsa kwenikweni, mpaka makutu analira. Munthu wandithamangitsira mwamuna, ndiye akudya mtedza womwe mwamunayo analima! Ndinatola sipanala ija. Sindinaigwirepo chibadwire, ndipo zoti madzi amayamba atsekedwa kaye pamita sizinandibwerere m'mutu. Ndinaikoletsa patsinde pa mpopi, ndinaponda m'matope, nkukoka ndi mkwiyo wonse womwe ndinausunga. Mpopi unalira, unazungulira, unazungulira, kenako unathothoka. Madzi anathovoka m'paipi nkundimenya pachifuwa, anamwaza mtedza, anawanyowetsa atsibweni kuyambira chipewa mpaka nsapato. Anasi anathamanga kukatseka pamita, akuseka mobisa.

Mpopi uja ndinakauika pamiyendo pawo.

"Nawu mpopi wanu, atsibweni. Tathokoza, tamwa, takhuta."

"Enifa, wapenga? Ukudziwa kuti ukuyankhula ndi mwini mbumba?"

"Ndikudziwa. Koma mbumbayo ndine, ndipo malo ano anandisiyira amayi. Khomali limagwa inu mukumanga malegeni. Mpopi wanuwu sunaumbepo chidina, sunalimepo mzere, mwana akadwala sumuberekera kuchipatala. Utengeni mukakhale nawo kwanu."

Sindinadikire kuti ayankhe. Ndinathamangira kumsewu chitenje chikumata miyendo, sipanala ili m'manja, anthu a pagolosale akundiyang'ana ngati wamisala.

Vitus ndinamupeza pasiteji atakhalira chikwama. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, madzi akudontha paliponse.

"Mwagwera m'chitsime?"

"Paipi ili yokhayokha, bambo a Chifundo. Mpopi ndachotsa."

"Uli kuti?"

"Uli pamiyendo pa eni ake."

Minibasi ya ku Lilongwe inaima, kondakitala nkufika kudzagwira chikwama. Vitus anaimirira. Ndinamutambasulira sipanala.

"Pakufunika mpopi wina. Mwini nyumba akaikepo wake."

Anaiyang'ana sipanalayo nthawi yaitali. Kondakitala anakoka chikwama, akufunsa ngati madala akukwera kapena ayi. Vitus sanachisiye. Analandira sipanala ndi dzanja linalo, ndipo minibasi inapita.

Masiku otsatira tinkapopa mjigo ngati amphawi aja, akazi akunong'onezana kuti Enifa wanyoza atsibweni ake. Anene. Mpaka lero a Goliati akandiona amayang'ana kumbali, ndipo nkhuku yopepesera yomwe akuidikira ikuikirabe mazira m'khola mwanga. Mpopi umene ulipo tsopano ndi wapulasitiki, wotchipa, wosaoneka bwino, Vitus anaugula pa Kamwendo. Nawonso unayamba kudontha mwezi wathawu. Chifundo anangoitana kuti, "Ababa, mpopi wanu uja," ndipo bambo ake anatenga sipanala osapempha munthu.