Tsiku Limene Tryness Anakwera Mphenzi

Jeremiah Goma anali woyendetsa boti la injini pa mtsinje wa Luangwa. Botilo linabwera pa lole m'chaka cha 1956, ndipo ntchito yake inali kunyamula mzungu woyang'anira nyama zakutchire ndi anthu ake madzi akadzaza. Anthu a ku Kambombo ankalitcha Mphenzi, chifukwa ulendo umene bwato lopalasa linkayenda tsiku lonse, ilo linkautha munthu asanamve njala.

Mkazi wake, Tryness, anali asanalikwerepo. M'mwezi wa Febuluwale chaka chotsatira anabereka mwana wamwamuna wakufa kale. Jeremiah anali ku ntchito kumunsi kwa mtsinje, ndipo pofika kumudzi patatha masiku anayi anapeza azimayi ataika kale mwanayo kumalo kumene amuna sapitako. Kuyambira pamenepo Tryness anachepa mawu. Ankasinja, ankatunga madzi, ankasambitsa Doris, mwana wawo wa zaka zinayi, koma ukamufunsa kanthu ankangoti inde kapena iyayi.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, mzungu uja anakonza ulendo wa ku Lundazi ndipo anapatsa Jeremiah tchuthi cha masiku atatu. Jeremiah anavula chipewa, napempha chinthu chimene sanapemphepo: boti, tsiku limodzi lokha. Kumunsi, cha ku Tembwe, kunali chisumbu cha mchenga woyera ndi mikuyu ikuluikulu, kumene azungu ankapita kukapuma ndi kuwedza pa Pasaka. Mzunguyo ankadziwa za mwana. Anavomera, naloza chitini cha petulo.

“NyaZimba,” anatero Jeremiah atafika kunyumba, kumuitana mkazi wake ndi dzina la kwawo, “mawa tipite ku chisumbu.”

“Kukatani?”

“Kukakhala chabe.”

“Munthu amakwera boti kukakhala chabe? Nanga mbalame kumunda wa mapira?”

Ennie, mkulu wake wa Tryness, amene ankasenda mtedza pakhomo, analowerera. “Mbalame ndiingitsa ine, Doris agona kwanga. Pita, iwe. Manje ufuna alamu agwade?”

M'mawa mwake anayenda wapansi kupita kudooko. Tryness anasenza dengu la mbatata zophika, mchere ndi mphasa yaing'ono. Atafika anaima patali, kuyang'ana madzi ofiira amene ankathamanga ndi zinyalala za bango.

“Muli ng'ona umu, a Goma.”

“Zilimo. Koma zikamva injini zimathawa. Khalani apa pakati, mugwire thabwa ili.”

Anamugwira dzanja, namukhazika. Kenaka anakoka chingwe cha injini kawiri, kachitatu inalira, ndipo boti linanyamuka. Mutu wake unadzuka m'mwamba, madzi anang'ambika mbali ziwiri. Tryness anatseka maso, zala zake zitakanirira pathabwa. Mphepo inamumenya kumaso, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inkadutsa ngati ikuthawa moto. Pa khona lina anapeza mvuu zisanu zitatulutsa mitu, Jeremiah anazipatuka, boti linapendekeka, madzi ozizira anamuwaza Tryness pachifuwa. Anakuwa. Pomwepo mphepo inazula duku lake lachikasu n'kuliponya pamadzi kumbuyo.

“Duku langa!”

Jeremiah anatembenuza boti, nalitola ndi nkhafi likumira. Analipereka likudontha, iye nkhope ili gwa ngati wapulumutsa munthu. Tryness analiyang'ana, anayang'ana mwamuna wake, ndipo kuseka kunamutuluka mosayembekezera. Anagwira pakamwa msanga. Koma kuchokera pamenepo sanatsekenso maso.

Anafika pachisumbu dzuwa lisanatenthe. Panalibe munthu. Pansi pa mkuyu wina panali msasa wa udzu umene azungu anasiya, ndi mafuwa atatu akuda. Tryness anayanika duku pa nthambi, nayenda pamchenga osavala kanthu kumapazi, kuyang'ana mapazi a mbalame ndi a ng'azi. Jeremiah anaponya mbedza, nakola milamba iwiri, naiotcha yekha.

“Khalani,” anatero Tryness atafuna kuthandiza. “Lero wophika ndine.”

“Mwaipsereza mbali imodzi.”

“Ndi mmene amadyera azungu.”

Anadya nsomba ndi mbatata, atakhala pamphasa imodzi, chinthu chimene kumudzi sakanachita anthu akuona. Njiwa zinkalira mumkuyu. Tryness ankajambula mizere pamchenga ndi kamtengo. Jeremiah anayamba kulankhula, anasiya, kenaka anayambanso, maso ali kumadzi.

“NyaZimba, pali chinthu sindinakufunseni. Ndinkaopa kukupwetekani. Mwana uja, munamuona?”

Kamtengo kanaima.

“Ndinamuona. Azimayi ankafuna kumukulunga msanga, koma ndinawakaniza. Ndinati ndimuone kaye.”

“Anali bwanji?”

Tryness anatembenuka. M'miyezi iwiri yonseyi ankaganiza kuti mwamuna wake sakamba za mwanayo chifukwa kwa iye nkhaniyo inatha. Manje anaona kuti sizinali choncho.

“Anali wamtali,” anatero pang'onopang'ono. “Tsitsi lambiri, lakuda bii, lonyowa. Zala zazitali. Makutu anali anu, a Goma, oimirira chonchi. Amayi anu atangomuona anati, uyu sitingamukane.”

Jeremiah anagwira khutu lake, nayesa kuseka, koma kunakanika. Anaweramitsa mutu pakati pa mawondo ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka. Tryness anali asanamuonepo akulira, ngakhale pa maliro a bambo ake. Anasendera, naika dzanja pamsana pake, ndipo misozi yake nayenso inatsika. Panalibe wowatonthoza kapena wowauza kuti mtayo, mwana wobadwa wakufa, saulira. Analira mpaka anatopa.

“Ndinali nditamusankhira dzina,” anatero Jeremiah atapukuta nkhope ndi malaya. “Ndinkalinena ndekha mu boti.”

“Liti?”

“Abraham.”

“Abraham,” anabwereza Tryness, kuliyesa pakamwa. “Mwana wamng'ono chonchija, dzina lalikulu chotere.”

“Akanakula.”

“Inde. Akanakula.”

Masana Tryness anagona mumsasa, tulo tofa nato, pakamwa pali yasa. Jeremiah anakhala pambali pake akuingitsa ntchentche ndi tsamba. Tryness atadzuka anafunsa ngati wagona nthawi yaitali, Jeremiah anati pang'ono chabe, ngakhale mthunzi unali utasuntha kale. Tryness anatola tizigoba ta nkhono toti akapatse Doris, namanga pa nsonga ya chitenje.

Pobwerera boti linkalimbana ndi madzi, ndiye linkayenda mofatsa. Atadutsa khona lachiwiri Tryness anachoka pathabwa lake, nakwawa kupita kumbuyo kumene kunali mwamuna wake.

“Mumaliwongola bwanji?”

Jeremiah anaika dzanja la mkazi wake pa chigwiriro cha injini, lake pamwamba. “Mukakankhira uku, limapita uko. Mukapotoza apa, limathamanga.”

Tryness anapotoza. Boti linalumpha, linaloza ku bango, Jeremiah analibweza msanga akufuula kuti pang'onopang'ono, mayi, mutimiza. Asodzi awiri amene anali mu bwato lawo m'mphepete anasiya ukonde n'kuimirira kuti aone bwino mkazi woyendetsa Mphenzi.

“Mawa nkhani ifika ku Chama,” anatero Jeremiah.

“Ifike,” anayankha Tryness. “Manje chotsani dzanja lanu, ndiyese ndekha.”

Jeremiah anachotsa, koma analisiya pafupi.