Mpeni wa Dzanja Lamanzere

Ine kuyankhula pagulu sindimatha. Kusukulu aphunzitsi akandiloza ndinkangoyang'ana pa desiki mpaka aloze wina. N'chifukwa chake ndikulemba. Zimene zinachitika Loweruka lija zikundiwotchabe pamtima, ndipo pakamwa sindingazikwanitse.

Bambo anga ndi onola mipeni. Ali ndi kachipinda kuseri kwa msika, momwe muli chonolera chopalasa ndi phazi, miyala itatu yonyika m'madzi, ndi mpando umodzi umene wina aliyense sakhalapo. Nditamaliza mayeso ndinayamba kutandala komweko. Ine ndine wamanzere. Azakhali anayamba kulimenya ndi supuni dzanja limeneli ndili ndi zaka zinayi, koma silinamve. Mpaka lero amanditchula Manzere, ngati ndi dzina la matenda.

Mpeni wanga ndinaupanga ndekha, kuchokera ku tupa yakutha imene bambo anaitaya m'ndowa ya zitsulo. Zinanditengera milungu isanu. Ndinaunola mbali imodzi yokha, inayo ndinaisiya yosalala, kuti ndikamadula ndi manzere uziyenda mowongoka. Bambo atauonera patali anaseka.

"Mpeni wa nkhope imodzi? Ukungondithera mwala iwe."

Sanaugwire n'komwe.

Mpikisano wodula zingwe unachitika Loweruka lija pabwalo la kuseri kwa sitolo ya zipangizo zomangira. Malamulo ake ndi ochepa. Mpeni usapose masentimita makumi awiri, ndipo amayeza ndi rula pageti. Amapachika chingwe chokhuthala, chongolendewera, chosamanga kumunsi, iwe n'kudula kamodzi basi. Chikaduka amakupachikira ziwiri zophatikiza, kenako zitatu. Wodula zambiri ndiye amatenga chikho.

Amuna ambiri amatema ngati akugwetsa mtengo. Chingwe chimangothawa, n'kubwerera kudzawakwapula kumaso. Ine ndinaphunzira pa zingwe zakutha za kunyumba kuti chingwe sichifuna mphamvu. Umatsika chopendekera, uku ukukoka, kuti mpeni wonse udye, kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga.

Pofika pa zingwe zinayi tinatsala awiri, ine ndi bambo wina wogulitsa nyama amene amamutchula kuti Chimkono. Iye anadula zitatu, chachinayi chinatsala chikulendewera ndi timaulusi. Ine zinayi zonse zinagwa pansi, phi!

Pabwalo panati zii. Ndinkaganiza kuti tsopano aombe m'manja.

"Aaa, iyayi," anatero Chimkono. "Kamtsikana aka ndi ka onola mipeni aja. Mpeniwo ukudula wokha. Ngakhale agogo anga, amene amalephera kutsegula botolo, angadule nawo."

Anthu anaseka. Ndiye anayamba kuyenda, koma osabwera kwa ine. Anandidutsa ngati ndine mtengo wopachikapo zingwewo, n'kukazungulira bambo, amene anabwera kudzaonerera.

"Akulu, mpeni umenewu mwauthira chiyani?"

"Wanga uja mundinolere chonchi, achimwene!"

Ndinawayang'ana bambo. Ndinkadikira mawu atatu okha: anapanga yekha mwanayu. Iwo anakonza kolala ya malaya, akumwetulira mano onse pamtunda.

"Zaka makumi atatu pa mwala zimenezo, anzanga. Mubwere Lolemba, ndimatsegula seveni."

Chimkono sanandipweteke kwenikweni. Iye sandidziwa. Koma bambo anandiona milungu isanu yonse ija, zala zitatupa, nditakhala pansi pa simenti chifukwa mpando ndi wawo. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva kukoma kwa magazi.

Woyimbira mpikisano, bambo wadazi wa wezulo pakhosi, anakweza dzanja.

"Kuti pasakhale chonena, awiriwa asinthane mipeni. Tibwereza zinayi."

"Lamulo limenelo lalembedwa pati?" ndinafunsa. Koma mawu anatuluka aang'ono ngati a udzudzu.

"Wati chiyani, mwanawe?"

"Palibe."

Ndimadzida chifukwa cha palibe ameneyo. Ndamunena moyo wanga wonse.

Chimkono anatenga mpeni wanga ndi zala ziwiri, akuugwedeza kuti anthu aseke. Kenako anaufumbata ndi dzanja lamanja, n'kutema ndi phewa lonse. Mpeni unalowa m'chingwe choyamba, n'kukhota, n'kutuluka cham'mbali. Iye anadzandira mpaka kukagwira khoma. Osadikira wezulo anatemanso. Chimodzimodzi.

"Chitsulo chanji chimenechi?" anakalipa. "Chikukhota ngati njinga yopindika handulo!"

Gulu lija linatembenuka msanga kwake.

"Zaka makumi atatu zija ndi zimenezi, akulu?"

"Ndiye Lolemba tibwerebe, kapena tikanolere pakhonde?"

Kumwetulira kwa bambo kunazima. Anapita n'kukalanda mpeniwo kwa Chimkono. Aka kanali koyamba kuugwira. Anautembenuza, anayendetsa chala chachikulu pa mbali yosalala ija, kenako pa inayo, pang'onopang'ono monga amachitira ndi mpeni wa munthu amene amamulemekeza.

"Mpeni uli bwinobwino uwu," anatero. "Unanoleredwa dzanja lamanzere. M'dzanja lamanja uyenera kukhota."

"Nanga inu munanoleranji choncho?" anafunsa woyimbira.

Bambo anayang'ananso mpeniwo.

"Sindinanole ine. Anapanga yekha mwanayu. Kuyambira tupa."

Wina anaimba likhweru. Ine sindinayang'ane aliyense. Ndinatola mpeni wa Chimkono patebulo. Unali wolemera, chigwiriro chake choterera ndi mafuta a nyama, ndipo chakunsonga unali wobenthuka pang'ono. Ndinaupukuta ndi siketi. Ndinaona kuti ndiyenera kumaliza kukoka ndisanafike pobenthukapo, ndiye ndinasendera pafupi ndi zingwe theka la phazi.

Mkwiyo unkandiuza kuti tema, tema mpaka aone. Ndinapuma kawiri, ndinamasula phewa, n'kutsika chopendekera monga ndinkachitira kuseri kwa nyumba popanda wondiona.

Zinayi zonse, pansi.

Chikho chake ndi chapulasitiki, chachifupi kuposa kapu ya tiyi. Pondipatsa, woyimbira anati, "Koma manzere amenewa, asiyeni." Chimkono anatenga mpeni wake n'kuuyang'anitsitsa ngati wamuchita chipongwe.

Pobwerera ine ndi bambo tinayenda mpaka pa mphambano. Dzuwa linali likuswa mtengo.

"Wachita bwino," anatero bambo.

"Munanena chifukwa anakusekani, ababa."

Sindinawayankhepo choncho chibadwire. Ndinkadikira kukalipidwa. Iwo anangosintha dzanja lonyamulira thumba. Kunyumba azakhali anafunsa kuti kachikhoko tiziikamo mchere kapena machesi. Ndinakalowa kuchipinda.

Lolemba ndinapitabe kumsika, chifukwa kukhala ndi azakhali tsiku lonse n'kowawa koposa. Ndinakhala pa simenti panga paja, osapereka moni. Cha m'ma naini kunabwera mayi wina wosoka nsapato, atanyamula kampeni kodulira chikopa. Anapereka ndi dzanja lamanzere, linalo likugwira pachigongono.

"Ndinali kumpikisano kuja," anatero. "Zaka zonsezi ndimaona ngati wopindika ndine. Mundinolere ngati uja."

Bambo anakalandira, anakatembenuza. Ine ndinkadikira kuti atchulenso zaka makumi atatu zija. Iwo anadzuka pampando, n'kuukankha ndi phazi mpaka unandigunda bondo.

"Mufunse mwini wakeyu, mayi. Ine ya nkhope imodzi sindiitha."

Anatuluka panja, n'kuyamba kusesa pakhomo pamene anali atasesa kale.

Kupepesa sanapepese, ndipo ine mkwiyo sunathe. Ukubwerabe ndikakumbukira kolala ija. Koma ndinakhala pampandopo. Panali potentha. Ndinavuula mwala m'madzi, n'kufunsa mayiwo, mokweza kuti ndi panja pomwe amve:

"Mumadula chokoka kapena chokankha?"