A Jekete Asokera Khomo

M'saluni ya a Madamu, Lachiwiri lililonse munkakhala nkhani imodzi basi, ya sewero la pa kanema lotchedwa Tauni ya Msewu Umodzi. Linkaoneka Lolemba madzulo, mawa lake masana n'kulibwereza. Makasitomala ena, kunena zoona, ankabwera ndi tsitsi labwinobwino kudzalimasulitsa, n'cholinga chongoti aseke limodzi ndi anzawo pansi pa kanema wopachikidwa pamwamba pa galasi uja.

Wokondedwa wa onse m'seweromo anali a Jekete, mkulu wa m'katauni ka kumudzi. Foni ikalira, a Jekete ankaimirira, kumanga batani la jekete, ndiye n'kuyankha. Akalowa m'sitolo ankapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, ndi khanda la kumsana lomwe.

"Koma anthu oterewa alipodi?" anafunsa a Nesi, kasitomala wa Lachiwiri, mutu uli theka lolukidwa theka nyankhalala.

"Alipo! Pitani kumidzi uko mukaone," anatero Wailesi, wotsuka mitu, yemwe pakamwa pake sipankazimitsidwa.

"Aaa, olembawo amangokokomeza," anatero a Madamu. "Munthu angaimirire chifukwa cha foni? Woimbayo akumuona?"

Amene ankaseka kuposa onse anali Zala, mtsikana woluka tsitsi, yemwe dzinalo analipatsidwa kaamba ka liwiro la manja ake. Kuchipinda kwake kunalibe kanema, choncho seweroli ankalionera koyamba m'saluni momwemo. Komatu ankalosera zonse. Tsikuli a Jekete anali atafika pa khomo la banki, akuyang'ana matailosi onyezimira.

"Dikirani muone," anatero Zala osasiya kuluka mutu wa a Nesi. "Avula nsapato. Azisiya bwinobwino pambali, zoyang'ana kunja."

A Jekete anavula nsapato, n'kuzisiya pambali, zoyang'ana kunja. Saluni yonse inagwa nako kuseka.

"Iwe ndiwe mfiti!" anakuwa Wailesi. "Umadziwa bwanji?"

"Nzeru za m'tauni," anayankha Zala.

Nzeru za m'tauni zake ziti! Zala anali atauza aliyense kuti anabadwira mumzinda momwemo, ndipo bambo ake ndi a mu ofesi. Zoona zake n'zakuti anakulira m'katauni ka msewu umodzi ndithu, kuseri kwa shedi yomwe bambo akewo ankakonzeramo njinga. Bodzalo analinena tsiku loyamba ntchito, atamva Wailesi akunyogodola mtsikana wina kuti ndi wa kumudzi, ndipo kuyambira apo ankangolidyetsa kuti lisafe. Ankaopa kusekedwa kuposa mmene ankaopera njala.

Tsono dzulo lake bambo akewo anali ataimba foni kuti akubwera kudzapimitsa maso kuchipatala chachikulu. Zala anawauza momveka kuti akamaliza akadikire ku depoti ya basi, iye awapeza akaweruka. Anabwereza kawiri. Koma kodi munthu amene mwana wake ali pa ntchito yeniyeni, ya m'nyumba ya magalasi, angalephere kufunsa njira?

Chitseko chinatseguka. Panaima mkulu wowonda, wovala jekete lotuwa lomwe linasitidwa ndi mtima wonse, kachikwama kali m'manja. Anayang'ana matailosi a a Madamu. Anawerama, kuvula nsapato, n'kuzisiya pambali, zoyang'ana kunja.

Zala anazemba n'kuima kuseri kwa dalaya, makina owumitsira tsitsi aja, nkhope itabisika.

Mkuluyo anayamba moni. A Madamu, mwaswera bwanji. A Nesi, mwaswera bwanji. Mayi wa m'dalaya, yemwe sankamva kanthu, nayenso analandira wake. Azimayi ankatsinana, masaya atatupa ndi phwete. Ndiye ngati kuti Satana anali pa ntchito tsikulo, foni inalira m'thumba mwa mkuluyo, yemwe anali atangokhala kumene pa mpando. Anaimirira, kumanga batani, n'kunena kuti, "Ee, ndikumva, bwana dokotala."

Basi, zinatha. Wailesi anagwera pa sinki. A Nesi misozi inali chuchuchu. Wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

"A Jekete enieni!" anatero Wailesi akupuma movutika. "Bambo, kodi mumaonera Tauni ya Msewu Umodzi?"

"Sindiphonya, mayi," anayankha mkuluyo mwaulemu. "Timaonera kwa aneba. Koma chimene anthu amasekera mkulu wa jekete uja ine sindichiona. M'sewero lonse lija, woleredwa bwino ndi yekhayo."

Kusekako kunachita kuwirikiza. A Madamu anapukuta m'maso ndi thaulo la kasitomala.

"Pepani, bambo, tikungosangalala. Tikuthandizeni chiyani? Mukufuna ndani?"

Maso a mkuluyo anali odwala, inde, koma mwana wake anali atamuona kalekale, m'galasi, atakanirira kuseri kwa dalaya. N'chifukwa chake moni wake anali atausungira kumapeto. Anamuyang'ana pang'ono, kudikira. Zala anayang'ana pansi.

"Ndasokera khomo, mayi," anatero mkuluyo. "Maso angawa. Pepani ndakusokonezani pa ntchito."

Anatsanzika aliyense payekhapayekha. Atafika pa Zala anati, "Tsalani bwino, mayi," monga anachitira kwa enawo. Anavala nsapato zake panja n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisachite phokoso.

"Ayi, lero ndiye taonera ziwiri pa mtengo wa chimodzi," anatero a Nesi. "Zala, tabwera udzamalize mutuwu. Wakhala chete bwanji? Iwe suja umalosera? Tatiuze, a Jekete athuwa achita chiyani tsopano?"

"Eya, losera!" anatero Wailesi akuwomba m'manja.

Zala anaika chipeso pa tebulo.

"Abwerera ku depoti wapansi, chifukwa minibasi amati ndi ya anthu othamangira zinthu," anatero. "Akakhala pa benchi la kumapeto, chikwama pa miyendo. Sadya kanthu, poopa kuti ndingawapeze akutafuna pagulu. Akandiona aimirira, amange batani, n'kundipepesa kuti anandichititsa manyazi pamaso pa anzanga."

Palibe anaseka. Wojambula uja anatsitsa foni yake. Pa kanema paja a Jekete ankafunafuna nsapato zawo pa khomo la banki, anthu osaoneka akuseka m'kati mwa kanemayo.

Zala anavula epuloni n'kutuluka, kuwasiya a Nesi ndi theka la mutu.