Bambo Sanaone Mphete

Chithunzi chinaima pomwe mkwati ankatulutsa mphete m'thumba. Pa sikirini yaikulu ya m'holomo dzanja lake linangouma m'malere, kenaka kunada bii.

Changu, amene anali patebulo la makina kumbuyo kwa holoyo, anadzambatuka pampando. Mkwatibwiyo anali mlongo wake wa bere limodzi. Bambo awo anali m'chipatala atathyoka chiuno, ndipo ankaonera ukwatiwo pa foni ya namwino kudzera pa makina omwewa. Changu ndiye anawalonjeza kuti aona zonse ngati alipo.

Foni yake inalira. "Achimwene, madalawa akundikalipira, akuti ndazimitsa dala," anatero namwino uja. "Ndiwauze chiyani?"

Changu anadula foniyo. Anazula chingwe cha faiba, chomwe chimanyamula zithunzi ndi kuwala kuchokera ku kamera, n'kuchilowetsanso, koma sizinathandize. Anamenya tebulo ndi chibakera. "Zingwe zachabechabe! Anagula ndani zinyalala zimenezi?"

Koma mumtima ankadziwa. M'mawa akuyala zingwe, nsonga ya chingwecho inagwera pafumbi ilibe chivindikiro. Ati atenge zoyezera, mnzake wa kamera, Wamtali, anamuseka.

"Iwe, alendo ayamba kale kulowa. Ingouzira, upukutire pamalaya. Ife takalamba tikuchita zomwezo."

"A Injiniya amati tiziyeza kaye," anatero Changu.

"Amayi aja amakonda mwambo. Chingwe si mwana wakhanda woti tizimusambitsa."

Changu anauzira, anapukutira pamalaya, chithunzi n'kubwera. Anaseka onse awiri.

Tsopano a Injiniya, mayi amene ankayang'anira gulu lawo lojambula, anatulukira akuthamanga, nkhope ili gwaa. Anapeza Changu atakweza nsonga ya chingwe kuti asuzumiremo, ndipo anamumenya dzanja.

"Wapenga? Kuwala kwa m'menemo sikuoneka, koma kumaotcha diso! Bweretsa kuno."

Analumikiza nsongayo ku kachipangizo kokuza tinthu ting'onoting'ono. "Taona ntchito yako."

Changu anaona kagalasi kozungulira kali mbuu, kodzaza madontho ndi mizere.

"Amenewa ndi mafuta a thukuta lako, ili ndi fumbi," anatero a Injiniya mwaukali. "Njira ya kuwala muno ndi yopyapyala kuposa tsitsi. Kafumbi kamodzi ndi chimwala pakhomo. M'mawa kuwala kunkangodutsa mopereweza, munthu wagunda tebulo pang'ono, basi kwatsekeka. Ndinakuphunzitsa kangati? Yang'ana, tsuka, yang'ananso, yeza mphamvu ya kuwala, kenaka lumikiza!"

"Wamtali ndi amene anati..."

"Wamtali ali ndi bambo m'chipatala lero?"

A Injiniya anatenga chotsukira chonga cholembera n'kudina pansongapo, anatsukanso polowera pa makinawo, chifukwa nsonga ya litsiro imadetsanso pomwe yalowa. Atayang'ananso n'kuyeza, analumikiza. Chithunzi chinabwera chowala bwino, koma chinapeza anthu akuwomba m'manja, mphete zili kale ku zala.

Mwambo utatha, mlongo wa Changu anamulondola kumbuyo komweko, atanyamula diresi m'manja kuti ayende msanga.

"Achimwene, sindinakupempheni mphatso iliyonse. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha! Bambo akana kulankhula nane pa foni. Akuti tawataya ngati munthu wakufa kale."

Changu anafuna kuyankha mokalipa, koma anasowa womukalipira.

Mawa lake anapita kuchipatala ndi filimu yonse yomwe kamera inasunga. Anaika foni patsogolo pa bambo ake, koma iwo anaikankhira pambali osayang'anako.

"Chotsa. Filimu ndingaonere chaka chilichonse," anatero mkuluyo. "Dzulo ndinameta ndevu, ndinavala jekete pamwamba pa zovala zachipatalazi, odwala anzanga onse anazungulira bedi langa. Ndinkafuna kuwomba m'manja nthawi imodzi ndi anthu ena onse. M'malo mwake tinakhala tikuyang'ana mdima. Zimenezo uli nazo mu foni yakoyo?"

Changu anabweza foniyo m'thumba, n'kukhala pamphepete pa bedi mpaka nthawi yoona odwala inatha.

Phunziro: Chipangizo chikayaka sindiye kuti chili bwino. Yang'anani, tsukani ndi kuyeza musanalumikize, ngakhale anzanu akuthamangitseni. Chingwe chimakonzeka, koma mwambo sudikira ndipo subwerezedwa.