Chithanki cha Pabalaza

Nsomba zawo zinali ziwiri zokha, zamtundu wa lalanje, za mizere yoyera, zazifupi ngati chala. Koma a Telala anazisunga zaka zisanu ndi zinayi m'kathanki kagalasi ka madzi amchere. Anazigula ndi akazi awo, chaka chomwe mayiwo anamwalira. Atasiya kusoka n'kusamukira kwa mwana wawo, makina anagawa, mipando anasiya, koma kathankiko anakanyamula pamiyendo ulendo wonse. M'mawa uliwonse ankayeza mchere m'madzimo, magalasi ali pamphuno, akucheza nazo nsombazo ngati anthu.

Mkazi wa mwana wawoyo kathankiko kankamunyansa. Ati kakuchititsa manyazi pabalaza. Ndiye Lachinayi lina kunafika chithanki, inu, chachitali ngati bedi, chamagetsi abuluu, amuna anayi ali wefuwefu pochilowetsa.

"Bambo, takugulirani," anatero mwana wawo, mano onse ali pamtunda. "Loweruka kukubwera abwana anga. Adzapeze nsomba zanu zili umu."

A Telala anathokoza kaye, poti ndi munthu waulemu. Kenako anafotokoza mofatsa kuti thanki yatsopano silandira nsomba tsiku lomwelo. Madzi ake amafunika akhwime milungu ingapo. Miyala yakale ya m'kathanki kaja, yandere, yonunkha ija, ndiyo imadya zoipa zimene nsomba zimatulutsa. Isamutsidwe ili yonyowa, yosatsuka, pamodzi ndi madzi akale.

"Milungu?" anatero mpongoziyo. "Ndiye alendo adzaone chithanki chopanda kanthu? Komanso miyala yauve ija ilowe m'galasi latsopano? Bambo, zimenezo ayi."

Mwana wawo anangoyang'ana foni yake.

Lachisanu a Telala anapita kuchipatala kukatenga mankhwala a mtima. Pobwera anapeza zonse zatha. Miyala ili m'chithanki, yoyera mbee, nyumba yonse ikununkha mankhwala oyeretsera zovala. Nsomba zili momwemo, zitaunjikana pakona. Madzi akale anali atakolopera khonde. Kathanki kaja kali panja, atadzazamo dothi n'kubzalamo maluwa. Koma anthu ena zoipa amazichita changu bwanji!

"Mwaona kukongola kwake?" anatero mpongozi, akudzola mafuta m'manja.

A Telala anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi galasilo, mtima ukuwawa ngati wapsa.

Loweruka m'mawa nsomba imodzi inali itayandama chagada. Inayo ili pamwamba, kukamwa yasa, ikupuma movutika. Mkuluyo anathamangira kukhitchini n'kusungunula mchere wa nsomba m'poto woyera. Anaitunga nsombayo ndi kapu, naiika m'potomo. Inagwedeza mchira kamodzi, kawiri. Ikanapulumuka, ndithu ikanapulumuka.

Pageti panalira hutala.

"Mayo ine, poto wanga!" anakuwa mpongozi. "Alendo afika, inu mukusewera ndi zakufa m'khitchini mwanga?"

"Ili moyo, mayi. Chonde, taonani, ikupuma."

Sanaone n'komwe. Anawalanda potoyo, n'kuvuula yakufa ija m'chithanki ndi chipande, ulendo wa kubafa. A Telala anamva madzi a m'chimbudzi akukhuthuka. Kenako mpopi unatsegulidwa, mayi akutsuka poto wake ndi sopo.

Abwana analowa ndi akazi awo, nsapato zili phuliphuli, n'kuima kutsogolo kwa chithankicho. Anasuzumira uku, nasuzumira uko.

"Chokongola zedi. Nanga nsomba zake?"

Mwana wa a Telala anaseka kaseko kake ka kuofesi. Ankadziwa zonse, anali pompo pamene bambo ake ankafotokoza za miyala ija.

"Aa, bwana, musandifunse. Madalawa akalamba. Dzulo anathiramo mchere kawiri, kuiwala kuti athira kale. Zonse zafa. Si choncho, bambo?"

A Telala anamuyang'ana mwana wawo, yemwe anamusokera yunifolomu kuyambira kalasi yoyamba mpaka kumaliza. Maso a mwanayo ankawapempha, komanso ankawaopseza. Mkuluyo kwina kokakhala analibe.

"Eya," anatero mkuluyo. "Ndinalakwitsa ndine."

Abwana anaseka mpaka kupukuta misozi, nawasisita a Telala paphewa. Ati nawonso ali ndi agogo otere kunyumba, anathirapo shuga m'ndiwo. Mpongozi anabwera ndi zakumwa pathireyi, akuseka nawo.

"Bambo," anatero mwanayo, akukoka mpando umene unali pafupi ndi galasi uja kuti abwana akhalepo, "mukhoza kukapuma kuchipinda tsopano."