Katundu wa Saodah

Rumenah anabwera masana kuchokera kosanja fodya, manja ali bii ndi utomoni, n'kupeza nyumba yake yasanduka ya munthu wina. Pakhonde panali mipando inayi ya pulasitiki. Mkati munali wailesi yakanema, chokupizira mphepo ndi mbaula ya gasi. Zonsezi ankazidziwa. Zinali za Saodah wa nyumba yoyandikana nayo.

Apongozi ake anali pamkeka, akumwetulira monyada.

"Mwachedwa, amake Sahnim. Mtsikana wa ku yunivesite uja wabwera, wamwa khofi, wadya nthochi zokazinga, wapita. Chochititsa manyazi sanachione."

"Walemba chiyani?"

"Zonse zimene waona. Ndi mwana waulemu."

Rumenah anakhala pansi. Mtsikanayo anali mmodzi wa ofufuza amene ankayenda khomo ndi khomo kulemba katundu, ndipo mabanja osaukitsitsa ankawapatsa khadi la mankhwala aulere kwa zaka ziwiri, kuti aone ngati ana angasiye kudwaladwala. Mwana wake Sahnim anali ndi mphumu. Nyengo youmika fodya ikafika, utsi n'kudzaza mudzi, pachifuwa pa mwanayo pankalira ngati mluzu. Bambo ake anapita ku Malaysia kukagwira ntchito m'minda, chaka chachitatu chino osaimbako foni.

"Mayi, mwandipha. Khadi lija ndi la osauka."

"Ndiye mlendo akhale padothi ngati nkhuku? Kuno ku Lombok mlendo sitimuonetsa nthiti zathu. Amayi anga ankabwereka mbale, agogo anga ankabwereka mbale."

"Mbale zawozo panalibe wozilemba."

Rumenah anatuluka n'kukam'peza mtsikana uja pamthunzi wa mzikiti, akudinadina foni yaikulu yolembera mayankho. Dzina lake anali Widya.

"Chemwali, fufutani zimene mwalemba kwathu. Katundu uja si wathu."

"Pepani mayi, ine ndimalemba zimene maso aona. Ndi mmene anatiphunzitsira."

"Anakuphunzitsani kuona kanema m'nyumba yopanda waya wa magetsi? Sukulu yonseyo? Ine ndinalekera kalasi yachitatu, koma ndimayang'ana kudenga."

Widya anazyolika.

"Mazira khumi," anatero Rumenah.

"Sitiloledwa kulandira kanthu."

"Makumi awiri, pamodzi ndi nkhuku yoikira. Nthochi zija munalandira bwanji?"

Mtsikanayo anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya Rumenah anameza chiseko.

"Kukonza ndingathe, mayi. Koma katundu sasowa mwini. Ndikamuchotsa kwa inu, ndiyenera kumulemba kwa mwini wake. Ndi wa yani?"

Rumenah anacheukira komwe kunali nyumba ya Saodah.

"Nyumba ya Saodah mwailemba kale?"

"Ndangochokako. Za anzanu sindinganene."

Rumenah sanafunikire kuuzidwa. M'nyumba ya Saodah lero munali mbee, mutangotsala mkeka ndi mwamuna wake amene anafa ziwalo mbali imodzi. Katundu yenseyo mwamunayo anagula adakali wamphamvu, ndipo ndi chuma chokhacho chimene chinawatsalira. Popanda kudziwa, Saodah anali atalowa m'gulu la olandira khadi. Ndipo ndi Saodah yemweyo amene anayamwitsa Sahnim miyezi iwiri, Rumenah ali chigonere ndi malungo atangobereka.

"Lembani tonse awiri osauka. Si bodza."

"Malo a kanema ndi amodzi, mayi. Kwanu kapena kwa mwini wake."

"Lembani kuti ndi wa mzikiti."

"Akuluakulu anga amabwera kudzaona."

Rumenah anayang'ana kumunsi kwa mudzi. Utsi unali utayamba kutuluka m'nyumba zoumikira fodya, ndipo Sahnim anali pafupi kuweruka kusukulu, njira yake yodutsa pomwepo.

"Ndi wa Saodah," anatero.

Widya anadina, nadinanso.

"Ndiye khadi ndi langa?"

"Sindikudziwa, mayi. Nyumba ikasinthidwa mayankho, amayamba aiika pambali kuti aifufuze. Mwina miyezi itatu. Nyumba zonse ziwiri."

"Zonse ziwiri? Bwezerani mmene zinalili."

"Zapita kale."

Madzulo asanafike Saodah anabwera kudzatenga zinthu zake, akuseka.

"Bwanji amake Sahnim, mlendo uja tamunyenga? Wakuonani ngati mkazi wa bwana, eti?"

Rumenah ananyamula mbaula ya gasi ija n'kumutsatira pambuyo mpaka kwawo, akufunafuna poyambira kumuuza.