Mbatatesi Zabuluu za kwa Ouellette

Ghislaine ankasenda mbatatesi pang'onopang'ono, khoko likutsika lalitali ngati chingwe mpaka kugwera m'beseni. Pawindo la kukhitchini ankaona mtsinje wa Saint-Jean utayamba kusungunuka. Zibulumwa za madzi oundana zinkayandama mwakachetechete kulowera kumunsi, chimodzi chitanyamula akhwangwala awiri omwe anangokhala phee ngati alipira ulendo. Maganizo ake anakwera nawo chibulumwacho. Anadutsa tchalitchi, anadutsa mlatho, nafika kumene kulibe munthu wofunsa chifukwa chomwe mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri sakonda kuyankhula.

Mbatatesizo zinali zabuluu, za kwawo. Bambo ake, a Rosaire Ouellette, ankati mbewuyi inabwera m'chigwachi ndi agogo a agogo awo, m'thumba la jasi. Sinkagulitsidwa, ndipo woyeza mbewu wa boma sanaionepo. Inkagona payokha m'chipinda chapansi, m'masaka akale omwe ankangokung'unthidwa chaka ndi chaka.

Atadula mbatatesi yachitatu pakati, mpeni unaima. Mkati, chapafupi ndi khoko, munali mzere wachikasu wozungulira ngati mphete. Anafinya ndi chala, ndipo mumzeremo munatuluka zoyera zonga chambiko. Sizinkanunkha. Anadula ina. Inali yabwino. Inanso inali ndi mphete. Pofika pa yachisanu ndi chiwiri, za mphete zinali zitatu.

Ankaidziwa mpheteyo. Kusukulu, pa phunziro la zaulimi, mphunzitsi anawaonetsa chithunzi chake ndipo ananena kuti ndi mabakiteriya owoletsa mbatatesi kuchokera mkati. Palibe mankhwala opopera omwe amawachiza. Amayenda pa mpeni, pa saka, pa makina odulira mbatatesi za mbewu m'zidutswa, ndipo akaumira pa chiguduli amadikira zaka osafa. Tsiku limenelo Ghislaine anajambula mpheteyo m'kope mwake chifukwa inkaoneka ngati mwezi uli ndi mkombero. Sanaganize kuti adzakumana nayo m'beseni la kwawo.

Anayala zidutswa zitatuzo pa mbale, nazivundikira ndi kansalu. Mbatatesi za msuzi wa nkhuku anakatenga zoyera, zogula.

Dzuwa lili paliwombo, bambo ake analowa akupukuta matope ku nsapato, pambuyo pawo pali a Euclide Cyr a munda woyandikana nawo. A Euclide ankalima mbatatesi za mbewu zokhala ndi chiphaso cha boma, ndipo alimi a kutali ankadalira munda wawo. Mbatatesi imodzi yokha ya mphete ikanapezeka kwawoko, chiphasocho chikanapita. Koma chaka chilichonse chisanu chikamatha ankabwera kudzatenga zinthu ziwiri: saka limodzi la zabuluu la kadimba ka akazi awo, ndi makina odulira mbewu omwe mabanja awiriwa ankabwerekana kuyambira kale.

"Ndamva fungo la nkhuku ndili kumsewu," anatero a Euclide akukoka mpando. "Ndinati mnzanga Rosaire asavutike kudya yekha."

"Iwe mphuno yako imagwira ntchito kuposa thalakitala yako," anayankha a Rosaire. "Ghislaine, mupatse khosi. Ndiye mbali yake ya ulemu."

"Usamvere bambo akowa, mwanawe. Anakula akudya makoko, n'chifukwa chake ali ndi nkhanza. Makina aja wanola?"

"Dzulo. Ndawayesa pa zabuluu, masaka awiri. Akudula ngati lumo."

Ghislaine anaika chikombe pansi mosamala kuti chisalire. Choncho mipeni ya makina inali itadutsa kale m'mbatatesi zija. Anathira msuzi m'mbale, nayika zitumbuwa zopyapyala za ufa wachikasu pakati pa tebulo. Nthunzi inakwera, nkhope za abambo awiriwo zinaoneka ngati zili kutsidya la chifunga. M'chifungamo anaona minda ya a Euclide m'chilimwe, yoyera ndi maluwa mpaka kumapeto kwa maso, kenaka masamba akufota mbali imodzi, mzere ndi mzere, mopanda phokoso. Anaonanso bambo ake ataima m'chipinda chapansi chopanda kanthu, manja m'matumba.

"Uyu ndiye wapita kale," anatero a Euclide akumuloza ndi supuni. "Uli kuti lero, mwanawe? Ku mzinda wa Quebec?"

"Musiye. Anatengera malemu mayi ake. Mawu amasunga ngati mbewu."

"Ndiye adzadzala liti?"

Anaseka onse awiri. Ghislaine anamwetulira pang'ono n'kuyang'ana mbale yovundikira ija. Ankadziwa zomwe bambo ake akanachita akanawauza madzulo, mlendo atapita. Akanati ndi chisanu chinaluma mbatatesizo, akanataya zowolazo kukhola, ndipo pofika nthawiyo makina akanakhala ali kale kwa a Euclide, akudula mbewu ya chigwa chonse.

Atamaliza kudya, a Rosaire anatsikira pansi nabwera ndi saka paphewa. Analitsitsa pakhomo, nalisisita ngati msana wa hatchi.

"Zaka zoposa zana, Euclide. Nkhondo, chilala, chiwawu, zonse yapirira. Mbewu zako za mapepalazo zikayetsemula kamodzi, mumaitana boma."

"Eya, eya. Ndithandize kukweza makina, ulaliki ndikamva Lamulungu."

A Euclide anawerama nagwira makutu a saka. Ghislaine anadzuka. Ananyamula mbale ija, nayenda masitepe anayi omwe anatalika ngati ulendo wopita kumtsinje, naima pakati pa saka ndi chitseko. Anachotsa kansalu.

Abambo awiriwo anayang'ana. A Euclide anasiya saka pang'onopang'ono, napukuta manja pa buluku.

"N'chisanu chimenecho," anatero a Rosaire, mawu atatsika. "Chinalowa pansi paja mu Januwale."

"Si chisanu, ababa." Mawu ake anatuluka aang'ono, koma sanabwerere. "Finyani muone. Ndadula zisanu ndi ziwiri, zitatu zili chonchi. A Cyr, sakalo musalitenge, ndipo makinawo asachoke pano mpaka titawatsuka ndi mankhwala, mpeni uliwonse. Nsapato zanunso mutsuke musanalowe m'nkhokwe mwanu. Masaka akalewa tiwotche. Woyeza mbewu timuitane ife tokha, asachite kumva kwa ena."

"Ukudziwa chomwe ukunena?" anafunsa a Rosaire. "Akabwera ameneyo, zabuluu zatha. Zonse."

"Ndikudziwa, ababa. Inenso ndinakulira zomwezi, ndipo ndinkafuna kudzazipatsa ana anga. Koma agogo sanazinyamule ulendo wonse uja kuti zidzaphe munda wa mnansi. Ngati inu simungathe kuimba foniyo, ndiimba ine, inu mungokhala pafupi."